Shafti imene inaperewera ndi 0.05 mm

Agogo anga aamuna anali osula. Kumudzi kwathu cha ku Chadiza anali ndi chipala pansi pa mtengo wa mango, mvukuto wa chikopa cha mbuzi, ndi chidutswa cha njanji chimene ankasulirapo. Khasu likang'aluka kapena nkhwangwa ikabuntha, anthu ankabwera nazo kwa iwo. Muyeso wawo unali diso ndi chala. Ankati akatulutsa chitsulo chili psuu pamoto n'kuchimenya kangapo, chinkamvera. Ine ndinakula ndikupopa mvukuto umenewo, ndipo ndinatengera mtima woti wodziwa chitsulo safunsa, amangochiona. Pa khasu mtima umenewo ndi wolondola, ndipo mpaka lero sindinaone wina wosula ngati iwo. Koma pa lathe, makina osemera chitsulo chikuzungulira, unandigwetsa pamaso pa anthu. Ndikulemba izi kwa inu ana a sekondale amene mukukonzekera mpikisano wa ntchito za zitsulo, komanso kwa aphunzitsi ndi makolo amene mukuwakonzekeretsa.

Munali mu 2018, ndili giredi 11 pa sukulu ina muno mu Chipata. Ndinkaphunzira Design and Technology, panjira ija ya ntchito zamanja imene inabwera ndi maphunziro okonzedwanso a 2013, pamene mwana amalemba mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu, koma angathenso kuyesedwa luso ndi a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, akadali pa sukulu. M'wekishopu yathu munali mavaisi okwanira, matupa ambiri otha mano, ndi lathe imodzi yokha yoyenda. Tinkaigwira mosinthana. Ine ndinkatsalira Lachisanu masana kusesa ndi kupukuta makina kuti aphunzitsi andilole kusemako kachitsulo kamodzi anzanga atapita. Pofika pakati pa chaka ndinali nditaizolowera lathe imeneyo ngati njinga yanga. Ndinkadziwa pamene imanjenjemera, ndinkadziwa kulira kwake mpeni ukabuntha.

Ku JETS ndinali nditapitako kale. Bungwe limeneli lakhala likusonkhanitsa ana okonda sayansi ndi zopangapanga m'Zambia muno kuyambira 1968, ndipo ife tinapita ndi makina oswa nshawa opukusa ndi dzanja. Kumeneko umafika ndi chinthu chako chopangiratu, n'kuchifotokoza kwa oweruza. Ukalakwitsa kunyumba, umakonza kunyumba komweko, palibe amene aona. Mpikisano umene aphunzitsi a masukulu angapo a kuno kum'mawa anakonza chaka chimenecho unali wamtundu wina. Amakupatsa pepala la chojambula, zitsulo ziwiri zosasema, ndi maola anayi. Woweruza ali chilili pambali pako ndi cholembera.

Ntchito inali pawiri. Poyamba kachitsulo kaphanthi, kokadula ndi sowo n'kukapala ndi tupa mpaka kafike 60 mm mlitali ndi 40 mm mlifupi, ngodya zonse zili zowongoka, kenako kuboola pakati ndi kudula mazinga olowamo bawuti ya M8, ndiye kuti ya 8 mm. Kachiwiri shafti, chitsulo chobulungira ngati ndodo, yaifupi ya pa lathe, yokhala ndi malo atatu osiyana kunenepa. Malo amene anali ndi mamalikisi ambiri anali a 20 mm, ngati pokhala bering'i ya 6204, ndipo pambali pake analembapo kuti ololedwa ndi kuyambira 19.98 kufika 20.02. Kwa amene simunagwirepo ntchitoyi: tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi 0.07 mm. Ndiye kuti mpata wonse umene anatipatsa unali wochepa kuposa tsitsi limodzi.

Kachitsulo kaphanthi ndinakamaliza msanga, mwina msanga kwambiri. Nditafika pa lathe ya sukulu imene tinachitirako mpikisano, ndinaona kuti si mtundu wa yathu, koma zogwirira zinali malo omwewo, ndiye sindinadere nkhawa. Ndinasema mwaliwiro, ndikuyeza mwa apo ndi apo ndi vernier, choyezera chokhala ndi milomo yotsetsereka. Nditayandikira ndinatenga micrometer, choyezera chozunguza chimene chimayeza ndendende kuposa vernier, inandiwerengera 20.06. Mumtima ndinati kwatsala 0.06 basi. Kagudumu ka manambala kokankhira mpeni mkati kanali ndi timizere ta 0.02 kalikonse. Ndinasuntha timizere titatu monga ndinkachitira kwathu, n'kuyendetsa mpeni. Chitsulo chinatuluka chosalala, chonyezimira bwino. Nditayeza, micrometer inati 19.94.

Ndinayezanso. Ndinapukuta micrometer pa ovololo n'kuyezanso kachitatu. Thukuta linayamba kutsika kumsana ngakhale unali mwezi wa July, kunja kuli mphepo.

Chimene chinachitika n'chakuti mpeni wa lathe ukalowa mkati ndi 0.06, umadya 0.06 mbali zonse za chitsulo chozungulira, ndiye kunenepa kumatsika ndi 0.12. Opanga makina ena amakuwerengeratu zimenezi, moti nambala ya pa kagudumu imakuuza zimene zichoke pa kunenepa konse. Lathe ya kusukulu kwathu inali yotero. Ena sakuwerengera, nambala yawo imangonena mmene mpeni waloweramo. Lathe ya tsiku limenelo inali ya mtundu wachiwiriwu. Posema mwaliwiro paja zinali zikuoneka kale kuti chitsulo chikutha msanga kuposa mmene ndinkayembekezera, koma ndinkangoti ndi mphamvu ya makina abwino. Sindinaime kuti ndifunse chifukwa chake.

Madzi akatayika saoleka. Chitsulo chikanenepa ungathe kuchichepetsa, koma chimene mpeni wadya sichibwerera. Ndinapempha chitsulo china, anandiuza kuti chilipo koma andichotsera mamalikisi, ndipo nthawi yotsala inali mphindi makumi awiri. Ndinapereka chomwecho. Madzulo oweruza atachiyeza chitazizira anapeza 19.93, chifukwa pamene ine ndinkayeza chinali chikadali chotentha. Mmodzi wa iwo anatenga bering'i n'kuiveka pamalopo ife tikuona. Inangolowa yokha, n'kumagwedera. Sananene mawu oipa. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, “Mwanawe, makinawa unawafunsa asanayambe kudya?” Sindinamve tanthauzo lake tsiku limenelo. Ndinakhala wachisanu ndi chiwiri mwa ana khumi ndi awiri, ndipo mu basi pobwerera sindinalankhule ndi munthu.

Amene anandimasulira funsolo anali bambo ena achikulire amene ali ndi kawekishopu kufupi ndi msika wa Kapata. Anagwira ntchito ya ufita, yokonza ndi kulumikiza makina, kumigodi ku Copperbelt zaka zambiri, atapuma anabwerera kwawo ndi lathe yakale ndi bokosi la zida. Ankasema mashafti a zigayo, ma ekiselo a ngolo, mabushi a mathirakitala, ndi tizitsulo ta mijigo. Amayi anga, amene ankagulitsa tomato pamsikapo, ndi amene anakandipemphera malo. Ndinapita ndi shafti yanga ija m'thumba. Anaizunguza m'manja, anaiyeza, anamvetsera nkhani yonse osandidula mawu, kenako anati, “Dzanja lako ndi labwino, taona kusalala kwake. Koma umakhulupirira dzanja kuposa muyeso. Ubwere Loweruka.”

Loweruka ndinafika ndikuyembekeza lathe. Anandipatsa tupa, sikweya yoyezera ngodya, ndi kachitsulo kodzala dzimbiri. Masabata asanu ndi limodzi sindinakhudze makina aliwonse. Ndinkapala mbali imodzi mpaka iphwatalale, iwo n'kuika sikweya pamwamba n'kukweza kuloza pakhomo pamene pali dzuwa. Kuwala kukadutsa pansi pa sikweya, ankandibwezera osanena kanthu. Poyamba zinkandiwawa mtima. Ndinkati ndabwera kudzaphunzira makina, osati kudzatupa manja. Koma m'masabata amenewo ndi mmene ndinaphunzira kuti tupa imadya popita kutsogolo kokha, kuti pobwerera umaipepuza, kuti ukapaka choko pamano ake tizidutswa sititsekera n'kukanda ntchito yako, ndiponso kuti thupi lonse ndi limene limapala, osati mikono yokha. Phazi likaima molakwika, chitsulo chimatuluka ndi linunda pakati. Ndinaphunziranso kusankha mbali imodzi kukhala maziko, n'kuyezera zina zonse kuchokera pamenepo. Kachitsulo kanga ka pa mpikisano paja ndinkayeza mbali iyi kuchokera apa, inayo kuchokera apo, n'chifukwa chake nakonso kanali kopendekeka pang'ono ngakhale manambala ankaoneka ngati akugwirizana.

Kenako inafika micrometer. Anandiuza kuti nditseke kaye ndione ngati ikuloza pa ziro, chifukwa kafumbi kamodzi pakamwa pake kangakunamize ndi 0.01 kapena 0.02. Anandiphunzitsa kukoka kapepala koyera pakati pa milomo yake ili yotseka pang'ono, kuti kachotse mafuta ndi fumbi. Anandiletsa kuimanga ngati vaisi. Kumapeto kwake kuli kachitsulo kolira kuti tcheketcheke, ndipo ndi kamene uyenera kuzunguza pomaliza kuti mphamvu ya kugwira ikhale yofanana nthawi zonse. Ukaizunguza kamodzi kathunthu imayenda theka la milimita, ndipo pamkombero pake pali timizere 50, ndiye kalikonse ndi 0.01. Ana ambiri amagwa pa kamzere ka m'munsi kosonyeza theka la milimita. Amawerenga 19.43 pamene pali 19.93, kapena kutembenuza. Ngati muli ndi vernier, yambani mwayeza nayo kuti mudziwe dera limene muli, kenako micrometer ikuuzeni zenizeni.

Za kutentha anandionetsa ndi maso. Anasema chitsulo chachikulu mwaliwiro, anachiyeza chili chotentha, anachisiya ife n'kukadya nsima, ndipo titabwerako nambala inali itatsika. Chitsulo wamba chotalika mita imodzi chimafutukuka pafupifupi 0.012 mm chikatentha ndi digiri imodzi. Pa shafti ya 20 mm imene yatentha ndi madigiri 40 ndiye pafupifupi 0.01 mm, theka la mpata umene ndinali nawo mbali imodzi. Pa chitsulo cha 100 mm zimayandikira 0.05. N'chifukwa chake miyeso ya pa zojambula padziko lonse amaiwerengera pa madigiri 20, kutentha kumene kuno mu October sitikuona masana. Pa mpikisano simungalamulire nyengo, koma mungathe kusema malo onse mwaliwiro poyamba, kusiya katsalira pang'ono paliponse, n'kupita kukachita ntchito ina ya pa benchi chitsulo chikuzizira.

Ndipo potsiriza anandiuza tanthauzo la kufunsa makina. Ukafika pa lathe yachilendo, chitsulo chikadali chonenepa ndithu, sema pang'ono kuti chiyere, yeza, lemba nambalayo papepala. Suntha kagudumu ndi timizere khumi, sema, yezanso. Ngati timizere ndi ta 0.02 ndipo kunenepa kwatsika ndi 0.2, kagudumuko kakunena za kunenepa konse. Ngati kwatsika ndi 0.4, kakunena za kulowa kwa mpeni, ndiye chilichonse chimene ukufuna kuchotsa uzichigawa pawiri. Zimenezi sizitenga mphindi zitatu. Mphindi zitatu zimenezo ndi zimene ndinaziona ngati zotaya mu 2018.

Panalinso za kugwedera kwa mazinga a mkati mwa makina akale. Ukabweza chogwirira, chimayamba chazungulira chabe mpeni usanasunthe. Choncho nambala yako uziifikira kuchokera mbali imodzi nthawi zonse, ndipo ukaipitirira, usangobwerera kamzere kamodzi. Bwerera kwambiri, n'kubweranso bwinobwino. Pomaliza ankasiya 0.4 mm n'kuidya kawiri mofanana. Kudya koyamba kumakuuza ngati makina achotsadi zimene wawauza, ndipo kusiyana kumene wapeza umakukonza pa kudya kwachiwiri. Ankadana nako kupalapala katsitsi kamodzi kumapeto, chifukwa mpeni sugwira bwino pa kakang'ono kotero, umangokhula, kenako mwadzidzidzi n'kudya mopitirira.

Liwiro la makina ankaliwerengera pamtima. Pa chitsulo chofewa ndi mpeni wa chitsulo cholimba chotchedwa HSS, ankatenga 10,000 n'kugawa ndi kunenepa kwa chitsulo m'mamilimita, ndiye pa 25 mm makina azizungulira pafupifupi ka 400 pa mphindi. Tizidutswa tikayamba kutuluka ta buluu, wathamangitsa, mpeni upsa. Za mazinga ankati chotsa mtunda wa pakati pa zinga ndi zinga pa kukula kwa bawuti, ndiye wapeza choboolera: M6 ndi 5 mm, M8 ndi 6.8 mm, M10 ndi 8.5 mm. Podula mazinga uzithira oyilo, uzizunguza pang'ono n'kubwerera pang'ono kuti tizidutswa tithyoke. Pa mpikisano woyamba uja anyamata awiri anathyolera tap, chida chodulira mazinga, m'bowo chifukwa chokakamiza, ndipo ntchito yawo inathera pomwepo.

Pali chinthu chimodzi chimene bambo aja ankakalipa nacho, ngakhale anali munthu wofatsa. Tsiku lina ndinasiya kiyi pa chuck, chopanira chitsulo pa lathe, n'kutembenuka kukatenga vernier. Anazimitsa magetsi a wekishopu yonse n'kundiuza kuti ndipite kunyumba. Kiyi ikatsalira pamenepo wina n'kuyatsa makina, imauluka ngati mwala wa legeni, ndipo siisankha nkhope. Dzanja lisachoke pa kiyi mpaka kiyi itachoka pa chuck. Magolovesi pa lathe ayi, chifukwa makina akagwira nsalu amakoka ndi dzanja lomwe. Mikono ya malaya ipindidwe, wotchi ndi mphete zivulidwe, tsitsi lalitali limangidwe, magalasi oteteza maso akhale pamaso osati pachipumi. Tizidutswa topotana tija timaoneka ngati udzu koma ndi lumo. Mnzanga wina anatikoka ndi chala makina akuyenda, anasokedwa kuchipatala. Oweruza amaziona zonsezi ndipo amachotsa mamalikisi, koma si chifukwa cha mamalikisi kuti ndikuzinena.

Mu 2019 ndinabwereranso, ndili giredi 12. Chaka chimenecho madzi anachepa ku damu la Kariba, kumene amapanga magetsi, ndipo magetsi ankazima maola ambiri. M'mawa wa mpikisano kunalibe magetsi, ndiye okonza anati tonse tiyambe ndi ntchito ya pa benchi, lathe tiiona masana. Amene anangokonzekera makina anasokonezeka. Kwa ine masabata a tupa aja anabweza phindu lake m'mawa umenewo. Magetsi atabwera, chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kusema, kuyeza, kusuntha timizere khumi, kusema, kuyeza. Anzanga pambali anali atapita kale patsogolo, ndipo sindinama, mtima unkagunda poona iwo akuthamanga. Malo ofunika kwambiri anali a 25 mm chaka chimenecho. Oweruza anapeza 25.01.

Ndinakhala wachiwiri. Anapambana anali mtsikana wochokera ku sukulu ina cha ku Petauke, mmodzi mwa atsikana awiri okha amene analipo. Ndinkamuonera m'mbali. Zida zake anaziyala pansalu mwadongosolo, micrometer sankaiika pa chitsulo chilichonse, ndipo nambala iliyonse imene wayeza ankailemba pambali pa chojambula asanagwire chogwirira. Kachitsulo kake kaphanthi atakaika sikweya, kuwala sikunadutse mbali iliyonse. Anandiposa mwachilungamo. Aphunzitsi amene mumasankha ana opita ku mipikisano yotere, musamangoyang'ana anyamata a mikono ikuluikulu. Lathe siifuna mphamvu. Atsikana ambiri m'makalasi mwanu amaima kumbuyo chifukwa anyamata athamangira makina, ndipo mwina katswiri wanu ali pakati pawo.

Mwezi wa August chaka chomwecho aphunzitsi athu anationetsa pa foni mavidiyo a WorldSkills imene inkachitikira ku Kazan m'dziko la Russia. Mpikisano umenewu unayambira ku Spain mu 1950, ndipo lero achinyamata a mayiko ambiri, kawirikawiri osapitirira zaka 22, amapikisana pa kuwotcherera, pa CNC Turning, pa CNC Milling ndi maluso ena ambiri. Zambia nayo ndi membala, ndipo mu 2022 mpikisano wa mayiko a mu Africa unachitikira ku Swakopmund ku Namibia. Makina a CNC amayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo titawaona ena a ife tinagwa mphwayi, tikuganizira lathe yathu imodzi ija. Koma nditayang'anitsitsa ndinaona mnyamata wina ataimitsa makina a ndalama zosaneneka, watenga micrometer, wayeza, walemba, n'kukakonza nambala pa kompyuta asanadye komaliza. Ndi zomwe zija za ku Kapata. Nditakawauza bambo aja anangogwedeza mutu n'kupitiriza kunola mpeni wawo.

Kwa makolo, chimene ndingapemphe si chachikulu. Mwana amene akukonzekera mpikisano amafunika vernier yakeyake, tupa imodzi yatsopano, ndi nsapato zotseka. Zitsulo zoyeserera zimapezeka kwa owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, amene amataya tizidutswa tsiku ndi tsiku. Musamutengere masipuling'i a galimoto kapena ma ekiselo akale kuti aphunzirirepo, n'zolimba kwambiri, zimapha tupa tsiku limodzi. Ndipo ngati m'dera lanu muli mmisiri wachikulire amene ali ndi lathe, pitani mukamupemphere mwana malo ngati mmene anachitira amayi anga, ngakhale ayambe ndi kusesa. Akamaliza giredi 12, ku Chipata Trades Training Institute ndi masukulu ena olembetsedwa ndi TEVETA kuli njira yopitirizira ntchito zamanja. Ine ndinatsata njira ya maphunziro a ufita, ndipo lero ndimasema mashafti a zigayo pa lathe yomwe ija, chifukwa maso a bambo aja ayamba kuchita chidima ndipo amangobwera kudzakhala pampando pakhomo.

Loweruka m'mawa pamabwera ana atatu kapena anayi a sekondale. Wobwera koyamba ndimamupatsa shafti yanga ya 2018 ndi micrometer, osamuuza nkhani yake, n'kumuuza kuti ayeze malo apakati. Sabata yatha anali mtsikana wa giredi 10. Anatseka micrometer kuona ziro popanda womuuza, anayeza, anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti 19.43. Bambo aja ali pampando pawo anati, “Tayang'ananso kamzere ka m'munsi, mwanawe.” Anaipendeka kuloza kowala, anawerenganso ndi chala, n'kuti 19.93. Ndinamupatsa bering'i ya 6204 kuti aiveke pamenepo, aone yekha mmene imagwederera, kenako ndinamutengera tupa ndi kachitsulo ka dzimbiri.